Kufufuza zakudya zimene zinatsalira pa mphero ndi mipeni ya miyala yamakedzana

Aliyense amene anaonapo agogo akupera mawere kapena chiponde pa mphero, kaya ku Epworth ndi ku Mabvuku kuno ku Harare kapena kumudzi ku Dedza, amadziwa kuti mwala uja sutsukika n'kuyereratu. Mungaukweche bwanji, m'timaenje take mumakhalabe ufa. Anzathu olankhula Chishona amautcha guyo, kamwana kake amati huyo. Miyala ya anthu akale imene imafukulidwa m'mapanga a ku Matobo, kufupi ndi Bulawayo, kapena m'mapiri ozungulira Harare nayonso imasunga zinthu chimodzimodzi: timibulu ta sitachi, timiyala tating'ono ta m'zomera, mafuta, utomoni, nthawi zina ulusi wa zomera. Zambiri mwa izi n'zosaoneka ndi maso, koma maikulosikopu imazionetsa.

Dziwani chinthu chimodzi musanayambe. Kupeza sitachi pa mwala n'kosavuta. Chimavuta ndi kutsimikiza kuti sitachiyo ndi yakale, osati ya nsima imene munadya masana. Harare ndi mzinda wa chimanga. Ufa uli m'manja mwathu, m'zovala, m'fumbi lochokera ku zigayo. Chimanga chinafika mu Africa pambuyo pa chaka cha 1500 kuchokera ku America, monganso chinangwa, mbatata ndi mtedza. Ndiye mukaona chimanga pa mpeni wa zaka 8,000, dziwani kuti mwaipitsa ntchito yanu. Choipa kwambiri n'chakuti timibulu ta chimanga timafanana zedi ndi ta mapira, mbewu imene ofufuza ambiri kuno amalakalaka kuipeza. Malangizo ambiri m'munsimu akulimbana ndi vuto limeneli.

Chilolezo

Zinthu zakale ku Zimbabwe zimatetezedwa ndi lamulo la National Museums and Monuments Act. Simufukula kapena kuchotsa chinthu pamalo ake popanda chilolezo cha bungwe la National Museums and Monuments of Zimbabwe, ndipo kutumiza zinthu kunja kukapimidwa kumafunanso chilolezo. Mukapeza mwala wosemedwa polima kapena pokumba maziko, musautole. Ujambuleni, lembani malo, kenaka kanenani ku Zimbabwe Museum of Human Sciences m'tauni muno.

Pamalo ofukula

Mwala ukangoonekera m'nthaka, lekani kukumba. Musaupukute ndi chala kapena kuuzira ndi pakamwa, ndipo musauthire madzi kuti muuone bwino. Ujambuleni uli pomwepo, mulembe mbali imene inaloza kumwamba. Izi n'zofunika chifukwa mbali yogona pansi imatetezeka ku mvula ndi fumbi, choncho kawirikawiri imasunga zambiri.

Nyamulani mwalawo ndi dothi lake lomwe. Valani magolovesi a nitrile opanda ufa, atsopano pa mwala uliwonse. Koma musakhulupirire zolembedwa pa bokosi: kafukufuku wa Alison Crowther ndi anzake wa mu 2014 anaonetsa kuti ngakhale magolovesi otchedwa opanda ufa amatha kukhala ndi sitachi. Yesani bokosi lililonse musanapite kutchire. Viikani golovesi imodzi m'madzi otchezedwa, muwazunguze madziwo mu centrifuge, makina ozunguza machubu mothamanga kuti zolemera zimire pansi, muone pa maikulosikopu. Mukapezamo timibulu, bokosilo lisiyeni. Njira ina ndiyo kusamba m'manja bwinobwino, n'kutembenuza jumbo yatsopano pa dzanja ngati golovesi, kugwira mwala, n'kuibweza jumboyo mwala uli m'kati.

Ngati mukufuna kudzapimanso mafuta, kulungani mwalawo kaye mu foyilo ya aluminiyamu imene inawotchedwa mu ng'anjo pa 450°C kwa maola angapo, kenaka muike mu jumbo yotseka. Pulasitiki ikakhudza mwala imasiyapo mankhwala ake amene amasokoneza makina opimira mafuta. Nyuzipepala, tishu, thonje ndi makatoni zisakhudze mwala, poti mapepala ambiri amapangidwa ndi sitachi ndipo guluu wa makatoni ndi wa sitachi. Cholakwa chofala kuno ndicho kunyamulira zofukulidwa m'masaka amene munali ufa kapena chimanga. Thumba lotere, ngakhale lichapidwe, limawononga ntchito ya mwezi wonse.

Mwala wokha sukwanira. Tengani dothi loyerekezera, masupuni awiri kapena magalamu 10 mpaka 20 pa malo aliwonse: la pansi penipeni pa mwala, la pamwamba pake, ndi la pa mtunda wa masentimita 50 mu mzere womwewo wa nthaka. Tolaninso mwala wamba wofanana kukula umene sunagwiritsidwe ntchito, kuchokera mu mzere womwewo. Popanda zimenezi simudzatha kuyankha munthu wofunsa ngati sitachi yanuyo siili paliponse m'nthakamo. Lembaninso ngati pali njira za chiswe kapena mizu pafupi. Chiswe chimakweza ndi kutsitsa dothi, n'kulowetsa udzu watsopano m'mizere yakale.

Chakudya chidyedwere kutali ndi dzenje, kumene mphepo ikupita. Amene wadya nsima kapena buledi asambe ndi sopo asanabwerere. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mwala wonyowa usatsekeredwe mu jumbo masiku ambiri, chifukwa umachita chuku ndipo chuku chimadya sitachi. Uumitseni pamthunzi, m'bokosi lotseka lokhala ndi silica gel, timibulu tomwa chinyontho. Pa dzuwa kapena m'galimoto yotentha ayi.

Ngati mukugwiritsa ntchito miyala ya m'nyumba yosungira zakale, werengani kaye makadi ake. Yambiri inatsukidwa, inalembedwa manambala ndi inki ndi vanishi, ndipo yagwiridwa ndi manja ambiri kwa zaka makumimakumi. Sankhani imene idakali ndi dothi, mutenge za m'ming'alu yakuya basi, ndipo m'lipoti munene mosabisa kuti dothi loyerekezera panalibe.

Kukonza chipinda

Labotale yapamwamba si yofunika kwenikweni, koma chipinda chikhale chotseka mawindo, kutali ndi khitchini ndi chigayo. Miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, pamene mphepo imaulutsa fumbi mu mzinda wonse, matani mipata ya mawindo ndi tepi.

Sipiriti ndi sanitayiza sizithandiza pano. Sitachi si kachilombo koti n'kufa. Mukaipukuta ndi sipiriti mwangoisuntha. Chimene chimaisungunula ndi caustic soda wa 5%, kutanthauza magalamu 50 mu lita imodzi ya madzi. Thirani soda m'madzi, osati madzi pa soda, mutavala zoteteza maso. Pukutani matebulo ndi mankhwalawa, mutsukuluze ndi madzi otchezedwa. Mabika, zopanira ndi timagalasi ziwiritsidwe mphindi zosachepera 10 kapena ziviikidwe mu soda yemweyo. Soda asakhudze mwala wakale ngakhale pang'ono. Valani malaya a labotale osathiridwa sitachi pochapa, mangani tsitsi, ndipo pawuda wa kumaso asalowe m'chipindamo.

Madzi a pampopi ndi a pa mjigo ayi. Gwiritsani ntchito madzi otchezedwa okha. Madzi a batire ogulitsidwa m'magalaja amatha kuthandiza, koma botolo lililonse liyesedwe monga tinayesera magolovesi.

Tcherani misampha iwiri. Woyamba: dontho la gilisero pa timagalasi titatu, kamodzi pa tebulo, kena pafupi ndi chitseko, kena pafupi ndi maikulosikopu, tikhale tosavundikira tsiku lonse la ntchito, madzulo mutione. Wachiwiri: pa gulu lililonse la machubu muikepo chubu chimodzi cha madzi okha, chidutse m'zonse zimene enawo akudutsamo. Chubu chimenechi chikatuluka ndi timibulu, gulu lonselo n'lokayikitsa, ndipo muyenera kupeza kumene sitachiyo yalowera musanapitirize.

Yang'anani musanachotse kanthu

Jambulani mwala mbali zonse, muli chopimira kukula pambali pake, kenaka mujambule chithunzi chake pa pepala kuti muzilembapo malo a chilichonse chimene mwaona. Yambani ndi maikulosikopu ya maso awiri yokuza ka 10 mpaka ka 50. Ngati ilipo yowunikira pamwamba yokuza ka 100 mpaka ka 500, pitirizani ndi imeneyo.

Mukufuna zinthu ziwiri. Choyamba, zizindikiro zakuti mwalawo unagwiradi ntchito. Pa mphero, nsonga za timiyala ta granite zimakhala zosalala ndi zonyezimira, ndi timizere toloza kumodzi. Pa mpeni, m'mphepete mumakhala tomabenthuka ting'onoting'ono ndi kubuntha. Chachiwiri, zomatirira. Zochokera ku ntchito zimakhala zopakika motsatira m'mene dzanja linkayendera, zokanirira m'ming'alu, ndipo dothi limakhala pamwamba pake. Zatsopano zimangokhala pamwamba pa dothi, zosagwira.

Zonamiza zilipo zambiri. Madontho akuda a manganese ndi ofiirira a chitsulo cha m'nthaka amaoneka ngati magazi ouma, makamaka pa miyala yochokera m'dothi lakatondo la kuno. Ulusi wa chuku ndi timizu timaoneka ngati ulusi wa chomera chodulidwa. Kaulusi ka buluu ndi ka jinzi yanu. Mzere wonyezimira ngati siliva ndi pamene chokumbira chinakhula. Mipeni yambiri ya kuno ndi ya quartz, mwala wothobwa m'maso pa maikulosikopu. Phimbani nyali ndi kapu yoyera ya pulasitiki kuti kuwala kufewe, muzitembenuza mwalawo pang'onopang'ono. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpeni umodzi ungakudyereni m'mawa wonse.

Mukaona utomoni wakuda kapena wofiira kumbuyo kwa mpeni, imani pomwepo. Ungakhale guluu wolumikizira mpini. Ku phanga la Sibudu ku KwaZulu-Natal, ofufuza Lyn Wadley ndi Marlize Lombard anaonetsa kuti anthu ankasakaniza utomoni wa mitengo ndi dothi lofiira popanga guluu zaka pafupifupi 70,000 zapitazo. Chinthu chotere sichiviikidwa m'madzi. Chimapita kwa odziwa kupima ndi FTIR kapena Raman, makina amene saononga.

Kuchotsa zotsalira

Chotsani mosanjikiza, katatu, ndipo gawo lililonse lilowe m'chubu chakechake. Loyamba ndi dothi louma la pamwamba, lochotsedwa ndi mswachi watsopano wowiritsa, mswachi umodzi mwala umodzi. Lachiwiri ndi lotsuka mofatsa ndi mswachi wonyowa. Lachitatu ndilo la m'timaenje, lotuluka ndi makina ogwedeza madzi otchedwa ultrasonic bath. Phindu la kusanjikizaku lidzaoneka powerenga: ngati timibulu tachuluka mu gawo lachitatu koma mu loyamba mulibe, muli ndi poyambira. Ngati zili mosemphana, sitachi inachokera kunja.

Pa malo amodzi ang'ono, pipeti, kachipangizo kokokera ndi kudonthezera madzi ochepa, imakwanira. Donthezani mamaikulolita 20 mpaka 50 (mamaikulolita 1,000 ndi mililita imodzi) a madzi otchezedwa pa mng'alu umene mwasankha, dikirani mphindi 2 mpaka 5, kenaka kokani ndi kubweza madziwo kakhumi musanawaike m'kachubu ka 1.5 ml. Sinthani nsonga ya pipeti pa malo aliwonse. Tengani pa mbali yogwira ntchito, mutengenso pa mbali imene sinagwire ntchito, monga kumsana kwa mphero. Granite wofumbutuka amamwa dontho msanga, ndiye onjezerani pang'onopang'ono mpaka mukoke kanthu. Njira imeneyi ndiyonso ya maenje operera amene ali pa thanthwe losanyamulika, ngakhale kuti maenje a pamtetete atoleramo madzi a mvula ndi fumbi la minda kwa zaka zambiri, moti zotuluka m'menemo n'zofunika kuzikayikira kwambiri.

Pa ultrasonic bath, musaike mwala m'beseni la makinawo mwachindunji. Uikeni mu bika kapena jumbo yatsopano yokhala ndi madzi otchezedwa, bikayo ndiyo ikhale m'beseni. Viikani mbali imodzi yokha, theka la mpeni, kuti ena am'tsogolo adzapeze pogwira. Mphindi 5 zimakwana. Makinawa amatenthetsa madzi akagwira ntchito nthawi yaitali, choncho ikani themomita, madzi asapitirire 40°C. Sitachi yonyowa imayamba kufufuma n'kusanduka phala pa 60°C mpaka 70°C, ina isanafikenso pamenepo, ndipo ikatero siidziwikanso.

Konzani ntchito yanu molingana ndi magetsi. Sitachi ikakhala m'madzi masiku angapo nyengo yotentha, tizilombo timaidya. Magetsi akazima muli pakati, tsekani machubu, muthiremo madontho angapo a ethanol, muwasunge pozizira. Ndi bwino kuyamba miyala iwiri imene mungaimalize tsiku lomwelo kusiyana ndi khumi.

Kulekanitsa sitachi ndi mchenga

Thirani madzi aja m'machubu a 15 ml, muwalinganize kulemera awiriawiri moyang'anizana, muzunguze mu centrifuge pa 3,000 rpm, kutanthauza kuzungulira ka 3,000 pa mphindi, kwa mphindi 5. Chotsani madzi a pamwamba ndi pipeti osagwedeza matsikwi a pansi. Ngati matsikwiwo ndi ochepa kwambiri, aikeni pa kagalasi mwachindunji, chifukwa kutsuka kulikonse kumataya timibulu tina.

Akachuluka, muyenera kuyandamitsa. Sitachi imalemera pafupifupi magalamu 1.5 pa mililita, mchenga 2.65. Madzi olemera a pakati pa ziwirizi amayandamitsa sitachi, mchenga n'kumira. Ambiri amagwiritsa ntchito sodium polytungstate wosungunulidwa mpaka 1.8. Kutsimikiza kwake n'kosavuta: mamililita 10 alemere magalamu 18 pa sikelo. Thirani mamililita 5 pa matsikwi, sakanizani bwino, zunguzani pa 2,000 rpm kwa mphindi 10, kenaka kokani mamililita 2 a pamwamba ndi za m'mphepete mwa chubu, muike m'chubu chatsopano. Bwerezani kachiwiri pa matsikwi omwewo.

Apa ndi pamene ambiri amatayira sitachi yawo. Zimene mwakokazo zidakali m'madzi olemera, ndiye mukangozunguza n'kukhuthula, timibulu timapita ndi madzi. Pa mamililita 2 thiranipo mamililita 10 a madzi otchezedwa kuti kulemera kutsike kufika pafupi ndi 1.1, pamenepo sitachi imira. Zunguzani, chotsani madzi, bwerezani katatu. Mukapanda kutsuka mokwanira, kagalasi kadzadzaza ndi timchere toyera tonyezimira tobisa chilichonse. Mankhwala a sodium polytungstate asakhudze chitsulo poti amasanduka a buluu, ndipo akakumana ndi laimu wa m'madzi a mjigo amachita matsikwi oyera osasungunuka. Ndi odula ndipo amachokera kunja, choncho asefeni muwagwiritsenso ntchito, koma muziwayesa ngati alibe sitachi ya ntchito yapita. Mchenga wotsala pansi usatayidwe.

Ikani mamaikulolita 10 mpaka 20 pa kagalasi koyera, onjezerani dontho la gilisero wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, vundikirani ndi kagalasi kopyapyala ka 22 mm, mumate m'mphepete ndi polishi wa zikhadabo wopanda mtundu. Gilisero ndi wabwino chifukwa sauma gwa: mukagogoda chivundikiro ndi singano, kam'bulu kamagubuduka, inu n'kukaona mbali zonse. Kam'bulu koonedwa mbali imodzi kamanamiza.

Pa maikulosikopu

Pamafunika maikulosikopu yowunikira pansi yokhala ndi magalasi awiri osefa kuwala otchedwa polariser. Mukawapingasa, malo onse amada, ndipo kam'bulu ka sitachi kamawala kali ndi mtanda wakuda pakati. Yendani kagalasi konse pa ka 200, mzere ndi mzere ngati mukupalira, osadumpha. Mukaona chowala, kwezani pa ka 400, mujambule kawiri, powala ndi pamdima, muli ndi mzere wosonyeza kukula.

Si chilichonse chokhala ndi mtanda chimene chili sitachi. Timibulu ta laimu tochokera mu ndowe za nkhosa ndi mbuzi timakhala ndi mtanda, ndipo m'mapanga amene munkagona ziweto timachuluka. Tomweti timasungunuka mu asidi wofatsa, sitachi ayi. Thovu la mpweya lili ndi mphete yakuda yokhuthala. Njere za chuku zili ndi khungu lokhuthala, zina zofiirira. Mukakayika, tengani gawo lina la matsikwi muthiremo alpha-amylase, amene amadya sitachi yokha. Ayodini amaidetsa sitachi kukhala ya buluu wakuda, koma amabisa maonekedwe ake, ndiye akhale wa pomaliza, pa kagawo kochepa.

Pa kam'bulu kalikonse lembani utali ndi mulifupi mu mamaikulomita (mamaikulomita 1,000 ndi milimita imodzi), maonekedwe, pamene pali mchombo wake, kadontho kamene mizere ya mtanda imakumanirapo, kaya pakati kapena chakumbali, ming'alu ya pa mchombopo, ndi mizere yozungulira ngati ya anyezi. Chimanga ndi mapira zili ndi timibulu ta makona kapena tozungulirako, ta mamaikulomita 5 mpaka 25, mchombo pakati, kawirikawiri wong'ambika ngati nyenyezi. Tirigu ali ndi mitundu iwiri pamodzi: tikulutikulu taphwatalala ngati mbale, ndi ting'onoting'ono tozungulira. Mbatatesi zili ndi tikulu kwambiri, tina tofika 100, tooneka ngati dzira, mchombo chakunsonga. Ta chinangwa timaoneka ngati belu lodulidwa mbali imodzi. Ta nyemba, khobwe ndi nzama n'tautali ngati impso, ndi mng'alu wautali pakati. Ta zilazi ndi mpama tili ndi mchombo chakumbali. Ta mawere ndi mpunga n'tating'ono, ta makona, tokonda kumatana m'magulu.

Kuwonongeka kwa kam'bulu nakonso n'kofunika kulemba. Kupera kumasiya ming'alu yochokera m'mphepete, zidutswa, ndi mtanda wopindika. Kuphika m'madzi kumafufumitsa kam'bulu, mtanda n'kuzimirira. Mankhwala a Congo red amafiiritsa totere, tabwinobwino n'kutsala toyera. Izi zikutanthauza kuti chakudya chophikidwa sichioneka bwino pa njira imeneyi. Ku Border Cave, m'malire a South Africa ndi Eswatini, umboni wakuti anthu ankawotcha mizu ya Hypoxis zaka 170,000 zapitazo unachokera ku mizu yopserera ya m'phulusa, osati ku timibulu ta pa miyala. Timibulu tokongola, tosang'ambika, tambirimbiri pa mwala wakale kwambiri tizikudetsani nkhawa m'malo mokusangalatsani.

Zoyerekezera zanuzanu

Zithunzi za pa intaneti n'za mbewu za kwina. Pangani timagalasi tanu ta zomera za kuno. Ku msika wa Mbare Musika mu Harare mupeza mapira amene m'Chishona amati mapfunde, mawere amene amati zviyo, mchewere umene amati mhunga, nzama zimene amati nyimo, ndi buye amene amati tsenza pa nyengo yake. Koma kumbukirani kuti ulimi unafika dera lino zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Anthu a m'mbuyo mwake, amene makolo athu amawakumbukira kuti Akafula, ankadya za m'tchire: mpama, chikande, njere za udzu, malambe, masuku, maula, mfula. Tolani zimenezi, ndipo chomera chilichonse chikatsimikizidwe dzina ku National Herbarium and Botanic Garden, chifukwa dzina limodzi la kumudzi limatha kuimira zomera zingapo. Chomera chilichonse chikonzedwe kanayi: chachiwisi, chopera, chokazinga ndi chowiritsa. Pimani timibulu tosachepera 50 pa mtundu uliwonse, poti kam'bulu kamodzi sikaimira mtundu wonse.

Si zakudya zonse zili ndi sitachi. Nthanga za mfula ndi maula n'za mafuta. Wofukula zakale Nick Walker anapeza makoko ambiri a mfula m'mapanga a ku Matobo, koma mwala woswera mfula umadziwika ndi kadzenje kake ndi mafuta, osati ndi sitachi.

Ntchito yoyerekezerayi ichitikire m'chipinda china, tsiku lina, ndi zovala zina. Kupera mapira m'mawa n'kugwira mwala wakale masana ndi kudzitchera nokha msampha.

Pezaninso mayi wachikulire amene amaperabe pa mphero. Pitani ndi kashuga m'manja, mupereke moni mokwanira, kenaka mupemphe: "Zikomo agogo, tingakhale nawo pano pamene mukupera mawere, tione m'mene mumagwirira?" Onani ngati amakazinga kapena kunyika asanapere, mbali imene mwana wa mphero amadya kwambiri, m'mene amasemeranso mphero ikasalala, ndi zinthu zingati zimene amapera pa mwala umodzi. Mupeza kuti mphero imodzi imapera mawere, mtedza, fodya ndi mankhwala omwe. Ya anthu akale nayonso inkatha kugwira ntchito zambiri.

Musanakhulupirire maso anu, dziyeseni. Mnzanu akonze miyala yatsopano khumi, ina aperepo, ina adulire nyama, ina asaigwiritse ntchito, akupatseni ili ndi manambala okha. Ofufuza a ku Sibudu anachita mayeso otere n'kufalitsa zotsatira mu 2004, kuphatikizapo zimene analakwitsa, ndipo anaphunzirapo zambiri.

Timiyala ta m'zomera, mafuta ndi magazi

Mchenga umene munasunga uja muli timiyala ta silika timene zomera zimapanga m'masamba ndi m'makoko, totchedwa ma phytolith. Timeneti sitiola msanga ngati sitachi. Thirani hydrochloric acid wa 10% kuchotsa laimu, kenaka hydrogen peroxide wa 30% kuchotsa zowola, pamalo otulutsa mpweya kunja, n'kuyandamitsa m'madzi olemera aja, koma osungunulidwa mpaka 2.3. Mankhwalawa amaononga sitachi, n'chifukwa chake mumayamba mwachotsa sitachi. Udzu wa banja la mapira umapereka timiyala ta mitu iwiri ndi ta mtanda, wa banja la mawere ta ngati chishalo. Koma udzu uli ponseponse, ndipo anthu ankagona pa udzu m'mapanga, ndiye dothi loyerekezera likufunika kwambiri pano.

Mafuta amapimidwa ndi makina a GC-MS, ndipo muyenera kugwirizana ndi labotale yake musanafukule, kuti akuuzeni kakulungidwe kamene akufuna. Chala chimodzi chokhudza mwala chimasiyapo mafuta a khungu amene makina adzawaona. Za magazi, wofufuza Thomas Loy analengeza mu 1983 kuti angadziwe mtundu wa nyama kuchokera ku magazi a pa miyala, ndipo mkangano wake unatenga zaka zambiri. Timapepala ta kuchipatala toyezera magazi mu mkodzo timasintha mtundu ndi manganese wa m'nthaka, choncho si umboni.

Kuwerenga zotsatira

Ikani manambala onse pamodzi: timibulu ta mbali yogwira ntchito, ta mbali yosagwira, ta magawo atatu aja, ta dothi, ta mwala wamba, ta chubu cha madzi okha, ta misampha ya gilisero. Munganene kuti sitachi inachokera ku ntchito pokhapokha ngati yachuluka moonekeratu pa mbali yogwira ntchito kuposa kwina konse, ili m'gawo lakuya, yawonongeka mogwirizana ndi kupera, ndipo mwalawo uli ndi zizindikiro za kupera pamalo omwewo. Timibulu titatu pa mpeni, tiwiri pa msampha wa pa tebulo, palibe chimene mwapeza.

Tchulani dzina mpaka pamene umboni wafika. Kawirikawiri mudzatha kunena kuti "njere za udzu" kapena "muzu wa mtundu wa chilazi", osati "mapira olimidwa". Mu 2009 wofufuza Julio Mercader analengeza kuti anapeza sitachi ya mapira a m'tchire pa miyala ya zaka 105,000 ku phanga la Ngalue, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, kutsidya kwa nyanja ya Malawi. Nkhaniyo inamveka dziko lonse, ndipo akatswiri ena anaikayikira. Patapita zaka, Mercader yemweyo ndi anzake anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuchuluka kwa sitachi yamakono imene imalowa pa malo ofukula, n'kupempha kuti njira zotsimikizira zikhwime. Ndiye m'lipoti lanu muike chiwerengero cha timibulu, zithunzi zonse ziwiri, ndi zotsatira za misampha ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Mwala wopanda sitachi ulembedwenso. Sizitanthauza kuti sunapere, poti sitachi imatha kuola yonse m'dothi lonyowa.

Pomaliza sungani timagalasi chogona m'bokosi lotseka, pamalo ozizira, muziona polishi chaka ndi chaka chifukwa ikang'ambika gilisero amatuluka. Theka la matsikwi liumitsidwe pa kutentha kosapitirira 40°C, lisungidwe m'kachubu kolembedwa nambala ya mwala ndi malo amene linachokera. Mwalawo ubwerere mu jumbo yatsopano, ndi kalebulo kunja kwa jumboyo konena tsiku, mbali imene inaviikidwa, ndi mankhwala amene anaukhudza.